Kubwerera ku Roma wakale pa intaneti: momwe masewero oyerekeza amakonzedwera

Masewero oyerekeza, omwe pa Chingerezi amatchedwa role-playing game, ndi masewero omwe anthu angapo amapeka nkhani imodzi mothandizana, aliyense akuyankhula komanso kupanga ziganizo m'malo mwa mpangankhani yemwe wadzisankhira. Poyamba osewera ankayenera kukhala pathebulo limodzi, koma masiku ano magulu ambiri amakumana pa intaneti ngakhale anthu ake ali m'mayiko osiyana. Mwa nyengo zomwe okonda mbiri yakale amaikamo nkhani zawo muli zaka zomaliza za ufumu wa Roma, pomwe mafumu ankalandana mpando, Chikhristu chinkakula ndipo mitundu yochokera kumpoto inkalowa m'malire a ufumuwo.

Wokonza masewero otere amasenza ntchito ziwiri. Yoyamba ndi kusunga gulu la anthu otanganidwa kuti lizikumanabe mpaka nkhani itatha. Yachiwiri ndi yovutirapo: wosewera aliyense amadziwa kale kuti ufumu wa Roma udagwa kumadzulo, pomwe munthu yemwe akumuyerekezayo sankadziwa zimenezo. Sewero limakoma osewera akamapanga ziganizo ngati anthu omwe sakudziwa za mawa.

Momwe masewerowa amayendera

Yemwe adakhalapo pamoto madzulo n'kumavomera "tilitonse" pa nthano ya agogo sangavutike kumva za masewerowa. Kusiyana kwake n'kwakuti muno omvera amalowa m'nkhanimo n'kuyamba kuisintha.

Munthu mmodzi amakhala wotsogolera. Iye ndiye amafotokoza malo ndi zochitika, komanso amayankhulira anthu onse a m'nkhani omwe alibe wowasewera. Osewera enawo aliyense amakhala ndi mpangankhani mmodzi, yemwe dzina lake, mbiri yake, luso lake ndi zofooka zake zimalembedwa papepala. Wotsogolera akafotokoza kuti chombo cha ogula akapolo chakocheza padoko usiku, wosewera wina akhoza kunena kuti mpangankhani wake athamangira kutchalitchi kukadzutsa anthu, pomwe wina anganene kuti wake apereka chiphuphu kwa mlonda. Zotsatira zikakhala zokayikitsa amaponya madayisi, ndipo nambala yomwe yatuluka, pamodzi ndi luso la mpangankhaniyo, ndiyo imagamula ngati zatheka kapena zakanika. Sabetcha ndalama ndipo palibe yemwe amagonjetsa mnzake. Madayisi amangothandiza kuti ngakhale wotsogolerayo asadziwiretu komwe nkhani ikulowera.

Masewero amtunduwu adayamba kufala m'chaka cha 1974 pomwe Gary Gygax ndi Dave Arneson a ku America adatulutsa Dungeons & Dragons. Iwo adaika nkhani zawo m'dziko lopeka la matsenga ndi zilombo, koma pambuyo pake ena adalemba malamulo oyenerera nyengo zenizeni za m'mbiri.

Nyengo yake ndi iti?

Akatswiri ambiri amayamba kuwerenga nyengoyi m'chaka cha 284, pomwe Diocletian adatenga ufumu patadutsa zaka pafupifupi 50 za chipwirikiti. Iye adagawa ulamuliro kwa mafumu anayi mu 293, adakhazikitsa mitengo ya katundu mu 301 ndipo adayamba kuzunza Akhristu mu 303. Patangopita zaka 10, mu 313, Constantine ndi Licinius adagwirizana ku Milan zopereka ufulu wachipembedzo. Mu 330 Constantine adatsegula likulu latsopano la Constantinople, komwe lero kuli Istanbul.

Mu 376 anthu a mtundu wa Goth, pothawa a Hun, adapempha kuwoloka mtsinje wa Danube kuti akhale m'dziko la Roma. Akuluakulu a asilikali omwe adawalandira adawadyera masuku pamutu kotero kuti, malinga ndi Ammianus Marcellinus, yemwe adali msilikali komanso wolemba mbiri wa nthawiyo, ena adagulitsa ana awo posinthana ndi nyama ya galu. A Goth adagalukira boma, ndipo pa 9 Ogasiti 378 adapha mfumu Valens pankhondo ya ku Adrianople. Theodosius atamwalira mu 395, ufumu udagawidwa kwa ana ake awiri: Arcadius kummawa, Honorius kumadzulo. Pa 24 Ogasiti 410 Alaric ndi ankhondo ake adalowa mumzinda wa Roma n'kuufunkha masiku atatu. Mu 476 mkulu wa asilikali Odoacer adachotsa pampando mnyamata Romulus Augustulus, yemwe amawerengedwa kuti ndiye mfumu yomaliza ya kumadzulo. Chigawo cha kummawa chidapitirira mpaka 1453.

Izi ndi zaka pafupifupi 200, m'dziko loyambira ku Britain kukafika ku Egypt. Wokonza yemwe akufuna kulowetsa zonsezi m'sewero limodzi akumbuke kuti ichi chakoma, ichi chakoma, pusi adagwa chagada.

Kusankha mzinda umodzi ndi zaka zochepa

Chiganizo choyamba cha wokonza ndi kusankha malo amodzi ndi zaka ziwiri kapena zitatu. Malo abwino ndi omwe ali ndi zolembedwa zokwanira, magulu a anthu okangana komanso tsoka lomwe likubwera pang'onopang'ono.

Chitsanzo chomwe chili ndi zonsezi ndi mzinda wa Hippo Regius, womwe mabwinja ake ali ku Annaba m'dziko la Algeria, m'zaka za 428 mpaka 431. Udali mzinda wapadoko m'chigawo cha kumpoto kwa Africa chomwe tirigu ndi mafuta ake a azitona ankadyetsa mzinda wa Roma. Bishopu wake adali Augustine, yemwe adabadwira ku Thagaste mu 354, ndipo makalata ndi maulaliki ake mazanamazana alipobe. Kupatula kulalikira, iye ankaweruza milandu ya anthu wamba, ntchito yomwe ankadandaula kuti imamudyera nthawi.

Mikangano mumzindamo idali yambiri. Akhristu a ku Africa adali atagawikana kwa zaka 100 pakati pa Akatolika ndi otsatira a Donatus, ndipo msonkhano wa mabishopu oposa 500 ku Carthage mu 411 udagamula mokomera Akatolika. Boma lidalanda matchalitchi a enawo, koma mitima idali isadapole. Mumzinda anthu ankayankhula Chilatini pomwe m'midzi yozungulira ambiri ankayankhula chiyankhulo cha Punic. Mkulu wa asilikali ku Africa, Bonifatius, adali atasemphana ndi boma la ku Ravenna, komwe mfumu ya kumadzulo inkakhala kuyambira 402.

Tsoka lidafika mu 429 pomwe a Vandal, motsogozedwa ndi Geiseric, adawoloka nyanja kuchokera ku Spain. Victor wa ku Vita adalemba kuti adalipo 80,000, kuphatikizapo ana, okalamba ndi akapolo. Pakati pa chaka cha 430 adazinga Hippo, momwe mudathawira Bonifatius ndi anthu ambiri a m'madera ozungulira. Augustine adamwalira pa 28 Ogasiti 430 mzinda uli chizingidwire, ndipo adaniwo adakhala kunja kwa linga miyezi 14.

Zolembedwa za nthawiyo zimapereka nkhani zoti n'kuziseweratu. Kalata ina ya Augustine, yomwe idasindikizidwa koyamba mu 1981 itapezedwa ndi katswiri Johannes Divjak, ikufotokoza za amalonda omwe ankaba anthu m'midzi n'kukawagulitsa kutsidya kwa nyanja. Tsiku lina bishopuyo kulibe, Akhristu a ku Hippo adakathyola chombo ndi nyumba yosungiramo ogwidwawo n'kumasula anthu pafupifupi 120. Amalondawo adali ndi abwenzi amphamvu ndipo adayamba kuvutitsa mpingo kuti uwabwezere "katundu" wawo. M'kalata ina, Augustine adayankha bishopu Honoratus, yemwe adafunsa ngati abusa angathawe adani akamayandikira. Yankho lidali lakuti mbusa asachoke malinga ngati pali nkhosa zomwe zatsala. Wosewera yemwe mpangankhani wake ndi wansembe wakumudzi akhoza kupatsidwa funso lomwelo, gulu lonse n'kuona chomwe asankhe.

Malo ena omwe angagwire ntchito mofananamo ndi gombe la Danube mu 376, mzinda wa Trier pomwe mitundu ingapo idawoloka mtsinje wa Rhine kumapeto kwa 406, kapena Britain cha m'ma 410 ulamuliro wa Roma ukutha pachilumbacho.

Apangankhani oyenera

Sewero limayenda bwino osewera akatenga anthu wamba kapena audindo wapakati, mafumu ndi mabishopu otchuka n'kusiyidwa m'manja mwa wotsogolera. Nyengoyi idali ndi malamulo ambiri omangirira munthu pantchito yomwe adabadwiramo, ndipo lamulo lililonse lotere limapatsa mpangankhani vuto lenileni.

Khansala wa mzinda ankatolera msonkho wa boma, ndipo ukaperewera ankalipira kuchokera m'thumba mwake. N'chifukwa chake ambiri ankafuna kuthawira ku unsembe kapena ku usilikali, boma n'kumawabweza. Mlimi wobwereka munda, yemwe pa Chilatini ankatchedwa colonus, sankaloledwa kuchoka pamunda wa mwini malo, ndipo lamulo la Constantine la mu 332 lidalola kumanga maunyolo omwe akukonza zothawa. Mwana wa msilikali ankayenera kukhala msilikali. Padalinso amithenga a mfumu otchedwa agentes in rebus, omwe ankanyamula makalata a boma ndipo anthu ankawaopa ngati akazitape. Asilikali ambiri a Bonifatius adali a Goth, omwe ankatsata chiphunzitso cha Arius monga momwe ankachitira a Vandal omwe ankamenyana nawo.

Amayi sankaloledwa kukhala makhansala kapena asilikali, komabe mbiri ili ndi zitsanzo zokwanira za amayi amphamvu. Galla Placidia ankayendetsa boma la kumadzulo kuyambira 425 m'malo mwa mwana wake wamng'ono Valentinian III. Melania Wamng'ono, mmodzi mwa anthu olemera kwambiri a nthawiyo, adathawira ku Africa mu 410 n'kukhala ku Thagaste zaka 7 akugawa chuma chake. Mayi wamasiye mwini zombo, mzamba kapena mkulu wa nyumba ya masisitere ndi apangankhani ovomerezeka.

Wokonza afunse wosewera aliyense zinthu ziwiri: mpangankhani wake akuopa kutaya chiyani, nanga ali pa ubale wanji ndi apangankhani ena awiri a m'gulumo. Ngongole, chikwati kapena mlandu wa malo zimamanga gulu kuposa kungonena kuti onse adakumana pamsika.

Malamulo a sewero

Pali mabuku a malamulo omwe adalembedwa poganizira za Roma. GURPS Imperial Rome, la kampani ya Steve Jackson Games, limafotokoza moyo wa Aroma mwatsatanetsatane. Lex Arcana, lomwe lidatuluka ku Italy mu 1993, limaika osewera m'zaka za m'ma 400 mu ufumu wopeka womwe sudagwe chifukwa cha maula ndi matsenga. Pendragon, lomwe Greg Stafford adatulutsa mu 1985, limakamba za Britain Aroma atachoka ndipo limayeza khalidwe la mpangankhani, monga chifundo, kulimba mtima ndi kukhulupirika. Magulu ena amatenga malamulo osavuta monga Fate Core n'kuwasintha okha.

Wokonza asankhe malamulo molingana ndi nkhani yake. Ngati sewero lagona pa milandu, misonkho ndi mikangano ya mpingo, malamulo odzaza ndi kamenyedwe ka lupanga sathandiza. Gulu ligwirizanenso za matsenga. Anthu a nthawiyo, Akhristu ndi achikunja omwe, ankakhulupirira maloto, zithumwa, ziwanda ndi zozizwitsa, ndipo boma linkapha opezeka ndi mlandu wa ufiti. Otsogolera ambiri amasiya zinthuzi zili zokayikitsa: wodwala wachira atagona pamanda a woyera mtima, koma sewero silinena chomwe chamuchiza.

Njira zokumanirana pa intaneti

Njira zikuluzikulu zilipo ziwiri. Yoyamba ndi yokumana nthawi imodzi n'kumayankhulana, kawirikawiri maola awiri kapena atatu pa sabata. Discord, yomwe idayamba mu 2015, imalola kuyankhulana komanso kulemba m'zipinda zosiyanasiyana, ndipo Roll20, ya mu 2012, imaonetsa mapu, mapepala a apangankhani ndi madayisi pa kompyuta ya aliyense. Njirayi ndi yachangu, koma imafuna netiweki yodalirika ndi nthawi yomwe onse ali omasuka. Ngati ena ali kunja, wokonza akumbuke kuti mayiko ena amasintha mawotchi: Lilongwe imatsogolera London ndi maola awiri kuyambira kumapeto kwa Okutobala, koma ndi ola limodzi lokha kuyambira kumapeto kwa Malichi.

Yachiwiri ndi yolemberana, momwe aliyense amalemba zochita za mpangankhani wake akapeza mpata. Imatheka pa foni, siidya bandulo yambiri ndipo imapirira kuthima kwa magetsi. Telegram ili ndi kachizindikiro ka dayisi komwe kamatulutsa nambala yapakati pa 1 ndi 6 onse akuona. Vuto la njirayi ndi kuchedwa, poti zokambirana za mphindi 10 zikhoza kutenga sabata. Pofuna kupewa izi, gulu limaika lamulo lakuti aliyense alembe kamodzi pa tsiku kapena pa masiku awiri, ndipo yemwe wakhala chete kupitirira pamenepo wotsogolera amamudumpha nkhani n'kupitirira.

Njira iliyonse yomwe yasankhidwa, pafunika malo atatu olekana: a nkhani yeniyeni, a macheza ndi mafunso, ndi osungira mapu, mayina ndi chidule cha zomwe zachitika. Osewera anayi kapena asanu ndi okwanira. Akachuluka, ena amadikira nthawi yaitali osapatsidwa mpata ndipo amayamba kugwa ulesi.

Pangano la gulu

Kukumana koyamba kumakhala kokambirana basi. Gulu limagwirizana za tsiku, kutalika kwa sewero, chochita wina akajomba komanso zinthu zomwe sizidzaonetsedwa. Mfundo yomalizayi ndi yofunika kwambiri pa nyengoyi, chifukwa mbiri yake ili ndi ukapolo, kuzunza oimbidwa milandu, kugwirira amayi pankhondo ndi ziwawa zachipembedzo. Zina gulu likhoza kuziletseratu, zina n'kuvomereza kuti zizingotchulidwa popanda kuzifotokoza. Magulu ambiri amagwiritsa ntchito njira ya X-Card, yomwe adaiyambitsa John Stavropoulos: wosewera akaonetsa kapena kulemba chilembo cha X, nkhani imadumpha pamenepo ndipo safunsidwa chifukwa.

Chipembedzo chimafuna kusamala kwapadera. Mikangano ya Nicaea, ya Arius ndi ya Donatus imakhudza zikhulupiriro zomwe osewera ena ali nazo lero, choncho aliyense amvetse kuti mawu a mpangankhani si chikhulupiriro cha womusewera. Wotsogolera apewenso kuonetsa a Goth ndi a Vandal ngati zilombo. Ambiri mwa iwo adali Akhristu, ankayenda ndi mabanja awo ndipo ankafuna malo ndi malipiro mkati mwa ufumuwo. Stilicho, yemwe adateteza Italy kwa Alaric mpaka pomwe adaphedwa mu 408, adali mwana wa bambo wa mtundu wa Vandal.

Zolakwika zofala

Chithunzi cha Aroma chomwe ambiri ali nacho chimachokera m'mafilimu a nthawi ya Yesu, zaka 400 m'mbuyo mwa kuzingidwa kwa Hippo. Msilikali wa m'ma 400 ankavala thalauzi ndi malaya a timaunyolo tachitsulo, ndipo ankanyamula chishango chozungulira ndi lupanga lalitali. Okwera pahatchi adalibe zopondera mapazi. Patebulo padalibe chimanga, mbatata kapena tomato, poti izi zidachokera ku America pambuyo pa 1492. Anthu ankadya buledi, nyemba zamtundu wa mphodza, azitona ndi msuzi wa nsomba zofufumitsa wotchedwa garum. Palibe yemwe ankati "chaka cha 430", chifukwa kuwerenga zaka kuchokera pa kubadwa kwa Yesu adakuyambitsa Dionysius Exiguus mu 525. Chaka chinkadziwika ndi mayina a akuluakulu awiri otchedwa consul.

Ndalama yodalirika idali solidus ya golide, yolemera pafupifupi magalamu 4.5, ndipo munthu wamba sankaigwira kawirikawiri. Mndandanda wa mitengo wa Diocletian, womwe udati waganyu wa kumunda alandire madenari 25 pa tsiku ndipo kalipentala 50, umathandiza kuona kusiyana kwa malipiro, ngakhale kuti pofika 430 mitengoyo idali itatha ntchito kalekale. Uthenga unkayenda pa liwiro la hatchi kapena chombo, ndipo kuyambira Novembala mpaka Malichi zombo zambiri sizinkayenda panyanja ya Mediterranean. Pa intaneti pali mapu a ORBIS a yunivesite ya Stanford omwe amawerengera masiku a ulendo pakati pa mizinda ya Aroma. Kuchedwa kwa uthenga kumathandiza wotsogolera, poti apangankhani amakakamizika kupanga ziganizo ndi mphekesera chabe.

Kodi mbiri ingasinthe?

Funsoli liyankhidwe sewero lisanayambe. Magulu ena amalola osewera kusintha mbiri, mwina kupulumutsa Carthage, yomwe a Vandal adailanda mu 439. Ena amasiya zochitika zikuluzikulu momwe zidalili n'kupatsa osewera mphamvu pa zomwe mabuku sadalembe: banja liti likwera chombo chomaliza, tirigu wotsala agawidwa bwanji, chipata chitsegulidwa kwa othawa nkhondo kapena ayi. Njira yachiwiriyi ndi yomwe imasunga bwino mzimu wa nyengoyi. Anthu ake sankadziona ngati okhala m'masiku omaliza. Ngakhale mu 476, Odoacer adangotumiza zovala zaufumu kwa mfumu Zeno ku Constantinople, ndipo nyumba ya malamulo ya Roma idapitiriza kukumana kwa zaka zina zoposa 100.

Chomaliza, wokonza aike malire. Masewero ambiri a pa intaneti amazilala chifukwa sadapatsidwe tsiku lothera, anthu n'kumachoka mmodzimmodzi. Ndi bwino kulengezeratu kuti padzakhala mikumano 10 kapena 12, kuyambira tsiku lomwe mphekesera za a Vandal zafika padoko mpaka tsiku lomwe adaniwo achoka palinga la Hippo. Pa mkumano womaliza wosewera aliyense amapatsidwa mpata wofotokoza komwe mpangankhani wake adathera, ndipo gulu likafuna kupitiriza limayamba chigawo china ndi pangano latsopano.